Chifukwa chake munthu woyamwa chibaluni cha heliyamu amalankhula ngati bakha

Funso: Loweruka lapitali tinali ku phwando la tsiku lobadwa la mwana wa mchemwali wanga. Mnyamata wina anamasula chimodzi mwa zibaluni zoyandama m'mwamba zija n'kuyamwa mpweya wake. Atatsegula pakamwa tonse tinafa nalo phwete, chifukwa mawu ake anali ngati a bakha. Pasanathe mphindi imodzi anabwerera mwakale. Bambo a kunyumba akuti mpweyawo umafinya kukhosi n'chifukwa chake mawu amachepa, koma ine sindikukhulupirira. Tsopano mwana wathu wa Sitandade 6 akuvuta kuti naye ayesere. Kodi chimachitika n'chiyani, nanga n'zoopsa? Ndine mayi wa ku Lilongwe.

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi za mwana chifukwa ndi zomwe sizingadikire: musamulole. Chifukwa chake ndichifotokoza bwinobwino kutsogoloku, ndipo ndikupatsani china choti achite m'malo mwake.

Bambo a kunyumba mukawauze mwaulemu kuti mlandu uwu aluza. Asadandaule, ali ndi anzawo ambiri, ena mwa iwo anthu opita kusukulu ndithu. Mpweya umene umayandamitsa zibaluni zija umatchedwa heliyamu, ndipo sufinya kukhosi, sutupitsa kapena kuumitsa mnofu uliwonse. Suyaka moto, sununkha, sulumikizana ndi chinthu chilichonse cha m'thupi. Umalowa n'kutuluka momwe unalili. Koma musanyade kwambiri, chifukwa inunso makutu anu anakupusitsani pang'ono. Mawu a mnyamata uja sanakwere. Ndikamati kukwera sindikunena kufuula ayi, ndikunena kusiyana kumene kulipo pakati pa besi ndi sopulano m'kwaya. Mukanamuuza kuti aimbe "do" asanayamwe chibaluni, n'kuimbanso atayamwa, woimba kiyibodi akanapeza kuti ndi "do" yemweyo, pa batani lomwelo kapena pafupi kwambiri nalo. Chinasintha ndi kamvekedwe ka mawuwo, ndipo kuti timvetse zimenezi tiyenera kugawa mawu a munthu pawiri.

Ikani zala pakhosi panu, pamalo paja amuna pamaoneka kachotupa, munene "aaa". Mumva kunjenjemera. Tsopano nong'onani "aaa" yemweyo, zala zili pomwepo. Kunjenjemera kwatha, koma munthu amene ali pafupi akumvabe kuti mwanena "a", osati "i". Pamenepa mwalekanitsa kale zinthu ziwirizo: china chimanjenjemera, china chimaumba mawu, ndipo chilichonse chimagwira ntchito yake pachokha.

Chonjenjemeracho ndi timinofu tiwiri ta m'kholingo, tokhala ngati timilomo topingasa njira ya mpweya. Mwa mwamuna wamkulu timatalika pafupifupi masentimita awiri, mwa mkazi timachepera apo. Mukafuna kulankhula timayandikana, mpweya wochokera m'mapapo umatikankha n'kutitsegula, kenako timadzitsekanso tokha, n'kutsegukanso, mofulumira kwambiri. Ana amachita zofanana ndi zimenezi akamakoka khosi la chibaluni kuti chilire kuti "pyiii". Bambo akamalankhula, timinofuti timatseguka ndi kutsekeka maulendo pafupifupi 120 pa sekondi imodzi. Mayi amafika cha m'ma 200 kapena kupitirirako pang'ono, mwana cha m'ma 300. Chiwerengero chimenechi ndicho kukwera kapena kutsika kwa mawu. Chimadalira kutalika kwa timinofuto, kunenepa kwake ndi mmene mwatikungira, monga mawaya a gitala kapena a bangwe: waya wonenepa ndi wolobodoka amalira pansi, wowonda ndi wokungika amalira pamwamba. N'chifukwa chake mnyamata akatha msinkhu mawu ake amasweka n'kutsika, pakuti timinofu take tatalika ndi kunenepa. Mtundu wa mpweya umene ukudutsapo ulibe mphamvu yeniyeni pa zimenezi. Waya wa gitala sasamala kuti m'chipinda muli mpweya wanji.

Komano phokoso lochokera pa timinofuto palokha si mawu a munthu monga timawadziwira. Ndi kulira kosalongosoka ngati kwa bemberezi. Ndipo si liwu limodzi. Timinofu ta bambo tikamalira pa 120, mkati mwa kuliraku mumakhalanso 240, 360, 480, 600, kukwera choncho mpaka masauzande angapo, onse kumveka nthawi imodzi ngati makwerero. Khutu limawamanga mtolo umodzi n'kunena kuti "ili ndi liwu la 120", koma makwerero onsewo alimo.

Apa m'pamene pamabwera mbali yachiwiri. Kuchokera pakholingo kufika pamilomo pali mpata: mmero, m'kamwa, ndi kanjira kopatukira m'mphuno. Mwa mwamuna wamkulu mpatawu umatalika pafupifupi masentimita 17. Ntchito yake ndi kusankha. Pa makwerero onse aja, ena umawakuza, ena umawafooketsa.

Amayi a pamjigo amazidziwa bwino izi ngakhale sanaziwerenge m'buku. Mukaika chigubu chopanda kanthu pansi pa mpope, madzi akayamba kulowa chimalira mawu aakulu, "dududu". Madzi akamakwera kulirako kumanka kuchepa, kuchepa, mpaka mayi amene wayang'ana kumbali akucheza ndi mnzake amatembenuka pa nthawi yake yeniyeni, madzi asanasefukire. Madziwo akugwa chimodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chimene chikusintha ndi mpata wa mpweya umene watsala m'chigubumo. Mpata waukulu umayankha mawu otsika, waung'ono umayankha okwera. Ovina malipenga ku Nkhata Bay nawonso amagwiritsa ntchito nzeru yofanana: nyimbo imachokera kukhosi kwa munthu woimbira m'chipandayo, chipanda chimangoiveka liwu lake.

Chifukwa chake mpata umasankha n'chakuti phokoso silimangodutsamo kamodzi n'kutuluka. Likafika pamilomo, gawo lina limabwerera m'kati, likagunda kukholingo n'kubweranso, uku ndi uku. Mawu amene kugunda kwawo kumagwirizana ndi nthawi ya ulendo umenewu amawonjezerana mphamvu, monga mwana wa pa katungwe amene mukumukankha pa nthawi yoyenera. Amene sagwirizana nawo amafafanizana. Ndiye pali zinthu ziwiri zokha zimene zimalamula: kutalika kwa njira, ndi liwiro la phokoso poyenda m'njiramo.

Tiyeni tiwerengere, masamu ake ndi a pulayimale. Mu mpweya wamba, tsiku losatentha kwambiri, phokoso limayenda mamita 343 pa sekondi. Mu paipi yotseka mbali imodzi, monga mmero wathu, phokoso limayenera kuyenda utali wa paipiyo kanayi kuti limalize kuzungulira kumodzi. Masentimita 17 kanayi ndi 68. Mukagawa mamita 343 ndi masentimita 68 mupeza pafupifupi 500. Choncho mmero wa bambo, lilime lili phee pakati, umakuza makwerero a pafupi ndi 500, kenako a pafupi ndi 1,500, kenako a pafupi ndi 2,500. Malo okuzidwawa akatswiri amawatcha ma formant, ndipo amene anayala bwino masamu a nkhaniyi ndi Gunnar Fant wa ku Sweden mu 1960.

Mukasuntha lilime, chibwano ndi milomo, mumasintha maonekedwe a mpatawo, ndipo malo okuzidwa aja amasuntha. Zilembo zathu zisanu za a, e, i, o, u zimasiyana pamenepa basi. Bambo akanena "i", malo oyamba amatsikira cha m'ma 300 pamene achiwiri amakwera kupitirira 2,000. Akanena "u", oyamba amakhala cha m'ma 300 momwemo koma achiwiri amatsika osafika 1,000. Akanena "a", oyamba amakwera cha m'ma 700. Ine ndimaimba besi m'kwaya ya kutchalitchi kwathu, ndipo tikamakonzekera timagwira liwu limodzi n'kumasinthasintha "a, e, i, o, u" osapuma. Liwulo silisuntha pa kiyibodi, koma zilembo zisanu zimamveka zosiyana. Heliyamu amachita zofanana ndi zimenezo, kungoti iye sasuntha lilime. Amasintha chinthu chachiwiri chija, liwiro.

Mu heliyamu phokoso limayenda pafupifupi mamita 1,000 pa sekondi, kuchulukitsa katatu liwiro la mu mpweya wamba. Paja mukaona ching'aning'ani n'kuwerenga masekondi atatu bingu lisanamveke, ndiye kuti mphenziyo yagwa pa mtunda wa kilomita imodzi. Dziko likanakhala la heliyamu yekhayekha mukanawerenga sekondi imodzi yokha. Chimachititsa ndi kupepuka. Phokoso ndi kukankhana kwa tizidutswa ta mpweya, kena kukankha kanzake, kanzakeko kukankha kotsatira. Mpweya umene timapuma ndi wosakaniza: pa magawo 100, magawo 78 ndi nayitirojeni, 21 ndi okosijeni. Pa sikelo ya akatswiri kachidutswa ka nayitirojeni kamalemera 28, ka okosijeni 32, ndipo zonse pamodzi zimabwera pa 29. Ka heliyamu kamalemera 4. Tizidutswa topepuka timathamanga kwambiri, choncho uthenga umafika msanga. Mukatuma mwana wopanda katundu ndi munthu wosenza thumba la chimanga, mukudziwa amene ayambe kufika. Kupepuka komweko n'kumene kumayandamitsa chibaluni, chifukwa heliyamu amapepuka kasanu ndi kawiri kuyerekeza ndi mpweya wamba.

Bwererani ku masamu athu aja, muchotse 343 muikepo 1,000. Mmero ndi womwewo, masentimita 17, koma malo oyamba okuzidwa achoka pa 500 afika pafupifupi 1,500, ndipo enawo akwera chimodzimodzi. Kwa phokosolo, njira yafupika katatu, ngati kuti bambo wa ndevu zake wapatsidwa mmero wa khanda lobadwa kumene. Kuphwando sizifika pamenepo, chifukwa m'mapapo mumatsalira mpweya wamba wambiri umene umasakanikirana ndi heliyamuyo, choncho kusinthako kumakhala kocheperapo. N'chifukwa chakenso mawu oseketsawo sakhalitsa: munthu akapuma kawiri katatu, heliyamu watha, liwiro labwerera pa 343.

Tsono taonani chimene chimafika m'khutu mwanu. Timinofu tikugundabe 120. Makwerero ndi omwe aja, 120, 240, 360. Koma amene akukuzidwa tsopano ndi a pamwamba, ndipo a pansi, amene amapatsa mawu a bambo kulemera kwake, afooka. Ubongo wanu unaphunzira kuyambira muli kumsana kuti malo okuzidwa akakhala pamwamba ndiye kuti wolankhulayo ndi wamng'ono thupi. Umu ndi mmene mumadziwira kuti amene akuodira panja ndi mwana kapena wamkulu musanatsegule chitseko, ngakhale onse atalankhula pa liwu limodzi. Ndiye apa khutu likulandira maumboni awiri otsutsana: kholingo la munthu wamkulu, mmero wa kamwana. Cholengedwa chotere simunachionepo, ndipo ine ndimaona kuti kuseka kwathu kumachokera pamenepo. Ndiwonjezere kuti anyamata ambiri akayamwa chibaluni amakwezanso mawu dala kuti anthu aseke kwambiri. Chimenecho ndi chisudzo chawo, tisanamizire heliyamu.

Pali mafotokozedwe ena olakwika amene ndimawamva kawirikawiri, akuti poti phokoso likuthamanga, limafika msanga m'khutu n'kumveka lokwera. Ayi. Likangotuluka pamilomo limalowa mu mpweya wamba wa m'chipinda n'kuyenda pa liwiro la masiku onse. Ndipo kugunda 120 kochoka pakamwa kumafika kukhutu kuli 120, kaya kwadutsa mu chiyani. Anthu khumi akalowa pachipata mphindi iliyonse, ngakhale atathamanga pakati pa bwalo, kuchipata chinacho atulukanso khumi pa mphindi. Zonse zimachitikira m'kati mwa mmero, mawu asanatuluke.

Amene munakula ndi mawailesi a kaseti mukukumbukira mabatire akamatha, woimba ankayamba kukoka mawu ngati waledzera, mpaka tinkachita kuyanika mabatirewo padzuwa. Kumeneko zonse zinkatsikira limodzi: kugunda kwa timinofu, malo okuzidwa, ngakhale liwiro la nyimbo. Kaseti ikathamangitsidwa zonse zimakwereranso limodzi. Heliyamu amasuntha chimodzi n'kusiya chinacho, n'chifukwa chake mawu ake ndi a bakha, osati a kaseti yothamanga.

Umboni umene umandikhutiritsa kwambiri ndi wa zoimbira. Gitala mukaimbira m'chipinda chodzaza heliyamu, "do" wake sasuntha, chifukwa wolamula ndi waya. Koma chitoliro mukachiuzira ndi heliyamu chimakweradi, chifukwa mu chitoliro mulibe waya kapena mnofu, wolamula ndi mpweya wa m'katimo. Chimodzimodzi mluzu. Poimba mluzu timinofu ta m'kholingo sitigwira ntchito, liwu limachokera ku mpata wa m'kamwa, choncho mluzu wa munthu amene wapuma heliyamu umakwera zenizeni pa kiyibodi. Munthu mmodzi yemweyo, akaimba ndi mawu "do" wake sasuntha, akaimba mluzu "do" wake wathawira kumwamba.

Kwa ife olankhula Chichewa pali kanthu kena kosangalatsa. Chiyankhulo chathu chimasiyanitsa mawu ena ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu. Mtengo wa mango umene ana amakwera ndi mtengo wa mango umene mumanenerera pamsika amalembedwa mofanana, koma pakamwa timawasiyanitsa. Khungu la pathupi ndi khungu la maso chimodzimodzi. Kusiyana kumeneku kumachokera ku timinofu ta m'kholingo, choncho heliyamu sakukhudza. Zimene amasokoneza ndi zilembo, makamaka a, e, i, o, u, chifukwa malo ake onse asamuka. Nyimbo ya chiganizo imatsala, koma mawu enieniwo amavuta kuwatola.

Kwa anthu ena ili si sewero koma vuto la kuntchito. Anthu amene amamira pansi kwambiri pa nyanja zikuluzikulu, monga okonza mapaipi a mafuta ku nyanja ya North Sea ku Ulaya, sangapume mpweya wamba kumeneko. Munthu akapitirira mamita pafupifupi 30 kupita pansi, nayitirojeni amayamba kumuledzeretsa ngati mowa. Ndiye amawapatsa mpweya wosakaniza heliyamu ndi okosijeni woyezedwa bwino, ndipo ena amakhala mu mpweya umenewu masabata angapo. Nthawi yonseyo amalankhula chibakha, moti anzawo a m'sitima pamwamba amagwiritsa ntchito makina obwezera malo okuzidwa aja m'malo mwake kuti amve zimene akunena. Mu 1965, Scott Carpenter, yemwe anali atazungulirapo dziko lapansi m'chombo cha mumlengalenga mu 1962, anakhala masiku 30 m'nyumba ya pansi pa nyanja yotchedwa SEALAB II, mamita pafupifupi 62 pansi pa madzi, kufupi ndi La Jolla ku California. Atamaliza anafuna kulankhula pa foni ndi Pulezidenti wa dziko la America wa nthawi imeneyo, Lyndon Johnson, akadali m'chipinda cha heliyamu. Wolumikiza mafoni anavutika naye kwambiri, osamvetsa kuti akulankhula ndi ndani, ndipo kukambiranako kunajambulidwa, kulipo mpaka lero.

Zimathekanso kutembenuza. Pali mpweya wina wotchedwa sulfur hexafluoride, umene amagwiritsa ntchito m'zipangizo zikuluzikulu za magetsi. Umalemera kasanu kuposa mpweya wamba, ndipo phokoso limayendamo mamita osafika 140 pa sekondi. Munthu akaupuma mawu ake amamveka ngati a chimphona cholankhulira mu mgolo, koma apanso timinofu take timagunda monga mwa masiku onse. Ngakhale nyama zayesedwapo. Akatswiri ena, motsogozedwa ndi Stephan Reber, anaika ng'ona yaikazi ya mtundu wa ku China m'chipinda cha heliyamu wosakaniza ndi okosijeni, ndipo kubangula kwake kunasintha monga mmene mawu a munthu amasinthira. Izi zinasonyeza kuti nayonso imaumba kulira kwake ndi mpata wa kukhosi. Zotsatira zake zinatuluka mu 2015, ndipo mu 2020 analandira nazo mphoto ya Ig Nobel, imene imaperekedwa pa kafukufuku woseketsa koma wopatsa maganizo.

Tsopano tibwerere kwa mwana wanu, ndipo apa ndilankhula mosaseka.

Heliyamu si poizoni. Kuopsa kwake n'kwakuti mmene iye walowa, okosijeni mulibe. Ng'ona ija ndi omira m'nyanja aja amapatsidwa okosijeni wokwanira pamodzi ndi heliyamuyo. M'chibaluni cha kuphwando musayembekezere zimenezo. Ndipo thupi lathu lili ndi chilema chimodzi chimene anthu ambiri sachidziwa. Kubanika kumene mumamva mukagwira mpweya, kuja kokukakamizani kuti mupume, sikuchokera ku kuchepa kwa okosijeni. Kumachokera ku kuchuluka kwa mpweya woipa wa kaboni dayokisaidi m'magazi. Munthu amene akupuma heliyamu akutulutsabe mpweya woipawo bwinobwino, choncho belu la thupi silira. Amaona ngati zonse zili bwino, akuseka ndi anzake, kenako chizungulire, kenako wagwa. Choipanso n'chakuti mapapo akadzaza mpweya wopanda okosijeni, okosijeni amene anali kale m'magazi amayamba kubwerera m'mapapo n'kutuluka. Ndiye munthu amakomoka msanga kusiyana ndi amene wangogwira mpweya, m'masekondi ochepa chabe. Ambiri amatsitsimuka akapuma mpweya wamba, koma amakhala atagwa chagada pa simenti, pangodya ya tebulo kapena pafupi ndi mbaula. Ndipo ana sachita kamodzi. Amapikisana kuti aone amene aseketse kwambiri, kuyamwa motsatizana osapumira, ndipo ngozi imabisala pamenepo.

Choopsa kuposa zonse ndi silinda imene okongoletsa malo amapopera zibaluni. Mpweya wa mmenemo ndi wopanikizidwa kwambiri. Munthu akaika pakamwa n'kutsegula, mphamvu yake imatha kung'amba timatumba ta m'mapapo m'kuphethira kwa diso, thovu la mpweya n'kulowa m'mitsempha ya magazi n'kukatseka njira ku ubongo, monga zimachitikira pa sitiroko. Anthu amwalirapo motere m'maiko osiyanasiyana, ambiri mwa iwo achinyamata a paphwando. Ku Japan mu 2015, mtsikana wa zaka 12 anakomoka n'kugonekedwa m'chipatala atapuma mpweya wa heliyamu wa m'kachitini pojambula pulogalamu ya pa TV, akuluakulu ali pomwepo, ndipo madokotala anapeza thovu la mpweya m'mitsempha ya ku ubongo. Mukabwereka silinda yotere pa ukwati kapena pa phwando, ikhale m'manja mwa munthu wamkulu mmodzi, ndipo ntchito ikatha itsekeredwe.

China n'chakuti simungadziwe ndi maso chimene chili m'chibaluni. Heliyamu ndi wodula, choncho m'maiko ambiri ogulitsa ena amapopera mpweya wina wotchedwa haidirojeni, umene umayandamitsanso chibaluni komanso umasintha mawu chimodzimodzi. Koma haidirojeni amayaka. Chibaluni chotere chikayandikira kandulo ya pa keke chimaphulika ndi lawi la moto kumaso kwa mwana.

Zikachitika kuti wina wagwa atayamwa chibaluni, mutulutsireni pa mpweya wabwino, mumugoneke cham'mbali, muone ngati akupuma. Ngati sakupuma, wina ayambe kumupsinja pachifuwa mwamphamvu ndi mosalekeza uku ena akufuna galimoto. Akatsitsimuka koma akulankhula zosamveka, mbali imodzi ya thupi yafooka, akumva kupweteka pachifuwa, akutsokomola magazi kapena wagwa khunyu, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo ndipo mukanene zoona zake za chimene wapuma. Musadikire kuti muone ngati kucha bwino.

Ndili ndi dandaulo langa lina laling'ono ndi zibaluni zimenezi, mundilole ndilinene. Heliyamu anayamba kudziwika ali kudzuwa, mu 1868, pamene akatswiri a zakuthambo anaona mzere wachikasu wachilendo m'kuwala kwake. Norman Lockyer wa ku England anamutcha dzina lochokera ku mawu a Chigiriki otanthauza dzuwa, ndipo panadutsa zaka 27 William Ramsay asanamupeze pansi pano mu 1895. Sitingamupange m'fakitale. Amapangika pang'onopang'ono m'miyala ya yureniyamu pa zaka mamiliyoni, n'kusonkhana pansi pa nthaka pamodzi ndi gasi, ndipo wambiri amachokera ku United States, Qatar ndi Algeria. Mu 2016 akatswiri a ku mayunivesite a Oxford ndi Durham analengeza kuti apeza wochuluka kwa anansi athu ku Tanzania, m'dera la Nyanja ya Rukwa, m'chigwa chachikulu chomwechi chimene muli Nyanja ya Malawi. Makina ambiri a MRI ojambulira m'kati mwa thupi amafuna heliyamu wamadzi, wozizira madigiri 269 kunsi kwa ziro, kuti agwire ntchito. Chibaluni chikaphwa, heliyamu wake amakwera mpaka kuthawiratu m'mlengalenga osabwereranso. Sindikuti ana asasangalale, koma mtima umandipweteka pang'ono ndikaona zibaluni makumi asanu zikuuluka pa ukwati.

Nayi ntchito yoti mumupatse mwanayo Loweruka likubwerali. Atenge botolo lagalasi la Fanta lopanda kanthu, auzire pakamwa pake mopingasa mpaka lilire kuti "huuu". Athiremo madzi pang'ono, auzirenso, amve mmene liwu likukwerera. Kumeneko ndi kufupikitsa njira, nkhani ya chigubu ija. Kenako atsegule pakamwa ngati akunena "o" koma osatulutsa mawu, adzigogode patsaya ndi chala, n'kumasintha pakamwa kupita ku "a". Amva kugogodako kukukwera ndi kutsika, timinofu ta m'kholingo tili chete. Ameneyo ndi mmero wake akuumva pawokha.

Chomaliza ndicho chofanana kwambiri ndi cha kuphwando, ndipo muchite naye limodzi. Thirani viniga kapena madzi a mandimu m'botolomo, okwana zala ziwiri kuchokera pansi. Auzire, nonse musunge liwulo m'mutu. Tsopano ikanimo theka la kasupuni ka soda uja wophikira therere, ndipo botololo musalitseke. Lichita thovu, ndipo thovulo likutulutsa kaboni dayokisaidi, mpweya wolemera umene phokoso limayendamo mamita pafupifupi 270 okha pa sekondi. Umakhala m'botolomo n'kukankhira mpweya wamba kunja. Dikirani thovu litsike kuti mpata ubwerere pomwe unali, ndiye auzire pang'onopang'ono, osakoka mpweya wa m'botolomo. Liwu loyamba limveka lotsika kuposa lija munasunga. Akamapitiriza kuuzira, mpweya wolemerawo uzituluka, ndipo liwulo lizikwera lokha mpaka kubwerera pamalo pake, botolo ndi madzi zili chimodzimodzi. Bambo a kunyumba muwaitane adzamve, ndipo muwafunse kuti botololo lafinyidwa pati.